Chepetsani liwiro pamene akukonza msewu wa N7

Madalaivala ambiri mu Tete amang'ung'udza akaona wapolisi atalozetsa makina oyezera liwiro pa N7, msewu wopita ku Moatize ndi Zóbuè. Ine ndili kumbali ya wapolisiyo, makamaka pamene msewu ukukonzedwa.

Lamulo la pamsewu la 2011 limalola makilomita 60 pa ola m'tauni, koma chikwangwani cha okonza msewu chikatsitsa liwirolo, tsatirani chikwangwanicho. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umakula kanayi, pomwe mnyamata wa mbendera yofiira waima pafupi ndi phula lotentha, wopanda chomutchinga.

Wapolisi akakugwirani, pemphani chikalata cha chindapusa. Ndalama yolowa m'thumba mwa wapolisi ndi chiphuphu, ndipo imangolimbitsa mtima wothamangitsa galimoto.