KUGULA GALIMOTO PA NGONGOLE: WERENGANI MUSANADINDE CHALA

Ife a ku Domwe ndife alimi. Timalima chimanga, mbatata ya kachewere, nyemba, soya ndi fodya. Koma kulima ndi kwina, kufikitsa mbewu ku msika ndi kwinanso. Msika wa ku Ulongwe uli patali, wa ku Tete uli patali koposa. Mwini galimoto ndiye amatchula mtengo wonyamulira thumba. Chifukwa cha ichi alimi ambiri amalakalaka galimoto yawoyawo, kapena njinga yamoto, imene timati mota.

Ndi anthu owerengeka amene angathe kulipira galimoto tsiku limodzi. Ambiri amagula pa ngongole, namalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene pamabuka milandu. Wina amalandidwa galimoto atalipira kale chaka chathunthu. Wina amamaliza ngongole, koma mapepala sakhala m'dzina lake. Phunziro ili likutiuza zimene lamulo limanena, ndi zimene wogula ayenera kuchita.

LAMULO LOTETEZA WOGULA

Wogula ali ndi ufulu. Ufulu umenewu si chifundo cha wogulitsa ayi. Unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko lathu la Mozambique a chaka cha 2004, pa ndime 92. Ndimeyi imati wogula ayenera kulandira katundu wabwino, ayenera kuuzidwa zoona, ndipo ayenera kulipidwa ngati wapwetekedwa pa malonda.

M'chaka cha 2009 Nyumba ya Malamulo ku Maputo inakhazikitsa lamulo loteteza ogula. Nambala yake ndi 22/2009. M'chaka cha 2016 boma linatulutsa malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake. Nkhani imeneyi si ya kwathu kokha. Pa 15 Malichi chaka chilichonse maiko ambiri amakumbukira tsiku la ufulu wa ogula.

Dziwani ichi: lamuloli limagwira munthu amene kugulitsa ndi ntchito yake, monga sitolo, kampani kapena banki. Mukagula galimoto kwa mnansi wanu, mlandu wake umaweruzidwa ndi malamulo ena a mapangano.

NJIRA ZITATU ZA NGONGOLE

Ngongole ya galimoto imabwera m'njira zitatu. Tiyeni tizisiyanitse bwino.

Njira yoyamba: wogulitsa yemweyo akukongozani. Mupereka ndalama yoyamba, mutenga galimoto, yotsalayo mulipira kwa iye mwezi ndi mwezi. Kawirikawiri pangano limati galimoto ikhala yake kufikira tsiku limene mudzamalize. Pa Chipwitikizi mawu amenewa amalembedwa kuti reserva de propriedade.

Njira yachiwiri: banki ikukongozani ndalama, ndipo wogulitsa alandira zake zonse nthawi imodzi. Apa mapangano ndi awiri. Za kuwonongeka kwa galimoto mukambirana ndi wogulitsa. Za ngongole mukambirana ndi banki. Galimoto ikafa, ngongole ya ku banki siifa.

Njira yachitatu: banki igula galimoto, nikubwereketsani kwa zaka zingapo. Inu mulipira mwezi ndi mwezi. Pamapeto mupereka ndalama yotsiriza kuti galimoto ikhale yanu. Njira imeneyi amaitcha leasing. Nthawi yonse ya pangano mwini galimoto ndi banki.

Choncho funso loyamba ndi ili: kodi ndikukongola kwa yani, ndipo galimotoyi ndi ya yani kufikira ndidzamalize?

TIWERENGE PAMODZI

Wogulitsa amakonda kutchula ndalama ya pa mwezi, chifukwa imamveka yochepa. Satchula msanga ndalama yonse. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni titenge chitsanzo. Manambala awa ndi ophunzirira chabe, si mitengo ya pa msika.

Galimoto yonyamula katundu ikugulitsidwa metikali 600,000 kwa wolipira tsiku lomwelo. Mlimi wina alibe ndalama yonseyi. Apereka 120,000 poyamba. Yatsala 480,000. Wogulitsa akuti: "Bambo, muzingolipira 27,000 pa mwezi kwa miyezi 24."

Tichulukitse 27,000 ndi 24. Yankho ndi 648,000. Tiphatikize ndi 120,000 ija. Zonse pamodzi ndi 768,000. Tichotsepo 600,000. Yatsala 168,000. Imeneyi ndiyo ndalama ya pamwamba, chiwongola dzanja, mtengo wa ngongoleyo.

Chiwongola dzanja si kuba ngati mwauzidwa poyera ndipo mwavomera. Kuba ndi kukubisirani. Lamulo la 2009 limati wogulitsa pa ngongole ayenera kukuuzani zinthu izi pangano lisanachitike: mtengo wa katundu m'ndalama ya dziko lino, chiwongola dzanja cha pa chaka, ndalama zina zowonjezera, kuchuluka kwa magawo olipira ndi nthawi yake, ndiponso ndalama yonse imene mudzalipira ndi ngongole ndi imene mukadalipira popanda ngongole. Lamulo limalolanso wogula kumaliza ngongole nthawi isanakwane, ndipo chiwongola dzanja chiyenera kutsika.

Musaiwale kuti galimoto imadya. Imafuna mafuta, matayala, makaniko ndi msonkho. Imafunanso inshuwalansi, imene timati seguro. Lamulo la chaka cha 2003 limati galimoto yoyenda pa msewu ikhale ndi seguro yolipirira anthu ena pa ngozi.

NDALAMA YA MLIMI ILI NDI NYENGO

Wolandira malipiro ku ofesi amaona ndalama mwezi uliwonse. Mlimi saona choncho. Ndalama yathu imabwera tikakolola ndi kugulitsa. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale m'thumba mumakhala mopanda kanthu. Feteleza wadya ndalama, misewu yathu ya dothi yaterera, katundu wonyamula wachepa. Koma pepala la ngongole silidziwa dzinja.

Nenani zimenezi pangano lisanalembedwe. Pemphani kuti magawo aakulu akhale pa nyengo yokolola, ang'ono akhale pa dzinja. Wogulitsa akavomera, alembe. Lonjezo la pakamwa ndi lovuta kulitsimikiza pa bwalo la milandu.

Kambiranani kaye m'banja. Ngongole ya galimoto imakhudza nkhokwe ya banja lonse. Amayi ndi abambo awerengere pamodzi. Ndipo musathamangire kwa akatapila kuti mulipire gawo la mwezi. Kumeneko ndi kukumba dzenje lina pofuna kukwirira loyamba.

PEPALA LA PANGANO

Mapangano amalembedwa m'Chipwitikizi. Ambiri a ife timalankhula Chipwitikizi cha pa msika, koma cha malamulo ndi chovuta. Palibe manyazi pamenepa. Safunsa anadya phula.

Lamulo limafuna kuti pangano lilembedwe m'mawu omveka ndi m'zilembo zooneka bwino. Pemphani pepalalo, mupite nalo kwa munthu amene mumamukhulupirira, akuwerengereni mzere ndi mzere m'chinenero chathu. Womasulirayo asakhale mnyamata wa wogulitsa. Wogulitsa akakana kuti muwerenge, akamati "sainani msanga, pali wina akuifuna", dziwani kuti pali chimene akubisa.

Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene lili ndi mipata yosalembedwa. Mpata wosalembedwa lero udzalembedwa mawa inu kulibe. Mukasaina, tengani pepala lanu lofanana ndi lake. Ndalama iliyonse imene mwapereka, landirani lisiti, imene ena amati resibo. Pa lisiti pakhale tsiku, ndalama, dzina la kampani ndi chidindo. Mukalipira pa foni, musafufute uthenga wake. Sungani zonsezi m'pulasitiki, pamalo posafika chiswe ndi mvula.

MAPEPALA A GALIMOTO

Galimoto ili ndi mapepala awiri ofunika. Loyamba ndi livrete. Limafotokoza galimotoyo: mtundu wake, nambala ya pa mbale, nambala ya injini ndi ya chasisi. Lachiwiri ndi título de propriedade. Limeneli limanena mwini wake. Limachokera ku ofesi ya kaundula, ku Conservatória.

Yerekezani manambala a pa pepala ndi amene adindidwa pa chitsulo cha galimoto. Akasiyana, musagule. Funsaninso ku kaundula ngati galimotoyo ilibe ngongole ya munthu wina. Mukamaliza kulipira, musakhale pansi. Tengani kalata yonena kuti ngongole yatha, ndipo título isinthidwe ikhale m'dzina lanu. Popanda ichi, tsiku lina ana anu adzavutika kusonyeza kuti galimoto inali yanu.

Ife tili pafupi ndi malire. Ena amakagula ku Dedza kapena ku Lilongwe. Galimoto yotere iyenera kudzera ku Alfândega ndi kulipiridwa msonkho. Kumbukiraninso kuti pangano lopangidwa ku Malawi limatsata malamulo a ku Malawi. Mlandu ukabuka, mudzayenera kukadandaula komweko.

GALIMOTO IKAKHALA NDI CHILEMA

Magalimoto ambiri ogulitsidwa m'mizinda yathu ndi ogwirapo kale ntchito, ochokera ku Japan. Kunja amawala, koma za m'kati adziwa ndi makaniko. Pitani ndi makaniko wanu. Yendetsani galimotoyo pa chitunda, osati pa bwalo la wogulitsa pokha.

Lamulo la 2009 limati wamalonda wogulitsa katundu wokhalitsa atsimikize kuti katunduyo adzagwira bwino ntchito kwa nthawi yosachepera chaka chimodzi. Chitsimikizo chimenechi ndi garantia. Mukapeza chilema chimene simunauzidwe pogula, mungathe kupempha chimodzi mwa zinthu zinayi: akonze, asinthe, atsitse mtengo, kapena pangano lithe. Koma musachedwe. Dziwitsani wogulitsa pasanathe masiku 30 chionereni chilemacho, ndipo mudziwitseni ndi kalata.

Garantia siteteza wosasamala. Mukasenzetsa galimoto ya tani imodzi matani atatu a mbatata, masipuling'i akathyoka, mlandu ndi wanu. Ufulu umayenda pamodzi ndi udindo.

MUKALEPHERA KULIPIRA MWEZI UMODZI

Apa ndi pamene ambiri amaopsezedwa. Mvetsani bwino. Buku la malamulo a mapangano, Código Civil, pa ndime 934, limanena za katundu wogulidwa kwa wogulitsa amene wasunga umwini, monga m'njira yoyamba ija. Limati wogula akalephera gawo limodzi lokha, ndipo gawolo siliposa limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a mtengo, wogulitsa sangathetse pangano pa chifukwa chimenecho.

Tibwerere ku chitsanzo chathu. Tigawe 600,000 ndi 8. Yankho ndi 75,000. Gawo la mwezi ndi 27,000, ndipo ndi lochepa kuposa 75,000. Choncho kulephera mwezi umodzi sikupatsa wogulitsa mphamvu yothetsa pangano. Ngongole ya mweziwo ikadalipo, ndipo iyenera kulipidwa. Mukalephera miyezi iwiri, chitetezo chimenechi chatha.

Lamulo la ogula limakananso mawu a m'pangano onena kuti wolephera ataye galimoto pamodzi ndi ndalama zonse zimene analipira kale. Ndiponso palibe munthu wololedwa kudziweruzira mlandu ndi mphamvu. Wogulitsa sayenera kutuma anyamata kuti akulandeni makiyi pa msewu. Njira yake ndi ya ku khoti.

Inunso musabise galimoto, musaigulitse, musaiwolotse malire ngongole isanathe. Mukatero mlandu wa ngongole usanduka mlandu waukulu. Mukaona kuti mwezi uno zivuta, pitani nokha mwezi usanathe, mukapemphe pangano latsopano lolembedwa.

KOKADANDAULA

Yambani ndi wogulitsa. Lembani kalata yaifupi: tsiku logula, vuto, ndi chimene mukufuna. Lembani makalata awiri, imodzi adinde ikhale yanu. Mungathenso kupempha buku la madandaulo, livro de reclamações.

Akapanda kuyankha, pitani ku ofesi ya boma yoona za chuma ku Ulongwe, ya SDAE. Akulozerani kwa oyendera malonda, amene ambiri timawadziwa ndi dzina la INAE.

Ngati mlandu ndi wa banki, dandaulani kaye ku banki yomweyo. Mukapanda kukhutira, pitani nawo ku Banco de Moçambique, imene imayang'anira mabanki onse.

Ngati mulibe ndalama ya loya, kuli IPAJ. Bungwe la boma limeneli linakhazikitsidwa m'chaka cha 1994 kuti lithandize osauka pa milandu. Pomaliza pali khoti la boma la Angónia ku Ulongwe. Mfumu ndi akuluakulu a m'mudzi angathandize kuyanjanitsa anthu, koma kampani ya ku Tete kapena ku Beira imamva pepala la khoti.

Konseku funso loyamba lidzakhala limodzi: "Mapepala anu ali kuti?" Wosunga mapepala amalankhula mosaopa.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'GULU

1. Tchulani njira zitatu zogulira galimoto pa ngongole. Pa njira iliyonse, mwini galimoto ndani ngongole isanathe?

2. Kodi livrete ndi título zimasiyana bwanji?

3. Mota ikugulitsidwa metikali 60,000. Pa ngongole mupereka 15,000 poyamba, kenaka 5,000 pa mwezi kwa miyezi 12. Mudzalipira zingati zonse pamodzi? Ya pamwamba ndi zingati?

4. Ulendo umodzi wa galimoto ukusiya phindu la metikali 3,000. Pafunika maulendo angati pa mwezi kuti mupeze 27,000? Kodi maulendo amenewa angatheke mwezi wa Febuluwale?

5. Lembani m'kope mwanu kalata ya mizere isanu yodziwitsa wogulitsa kuti galimoto ili ndi chilema. Musaiwale tsiku ndi dzina lanu.