Kasamalidwe ka Penti wa Galimoto Yakuda

Anthu ambiri amakhulupirira kuti penti wakuda ndi wosalimba poyerekeza ndi penti wa mitundu ina. Amatero chifukwa galimoto yakuda imatuwa ndi kudzaza timizere pakangotha chaka, pamene inzake yoyera yogulidwa tsiku lomwelo imaonekabe bwino. Nkhani ino ikufotokoza kuti timizereto tili pa galimoto zonse ziwiri, kungoti yakuda sibisa, ndiponso kuti tambiri mwa ito timabwera pa nthawi imene mwini wake akuganiza kuti akuisamalira.

Poyamba tiyenera kudziwa mmene penti wa galimoto amakhalira. Kuchokera m'zaka za m'ma 1980, makampani ambiri amapaka penti m'magawo osanjikizana. Pansi pamakhala gawo logwira chitsulo ndi kuteteza ku dzimbiri, pakati pamakhala gawo la mtundu, ndipo pamwamba pamakhala gawo loonekera mkati ngati galasi limene amisiri amalitcha clear coat. Gawo lapamwambali ndi limene limanyezimira, komanso limatchinga kuwala kwa dzuwa kuti mtundu usasuluke. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.05, theka chabe la pepala la m'kope. Gawoli likakalika, kamzereko kamamwaza kuwala ndipo kamaoneka kotuwira. Pa galimoto yoyera kamabisala, koma pa yakuda kamaoneka ngati choko pa bolodi.

Chimene chimakala penti kwambiri ndi fumbi. Mu fumbi muli timchenga tolimba kuposa pentiyo, ndipo kuno kwathu fumbi limachuluka kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa. Pa nthawi imeneyi ndi chizolowezi kuona munthu m'mamawa akupukuta galimoto youma ndi nsanza kuti abwana anyamuke ikuwala. Cholinga chake ndi chabwino, koma nsanzayo ikatola timchenga imasanduka sandipepa. Galimoto ikaima padzuwa, timizereto timaoneka tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Kunena zoona, galimoto yakuda imene yakhala ndi fumbi masiku atatu osakhudzidwa ili bwino kusiyana ndi imene yapukutidwa katatu popanda madzi.

Choncho kutsuka kuyenera kuyamba ndi madzi okha. Wotsuka athire madzi ambiri kuchokera padenga kutsika pansi kuti fumbi lichoke dzanja lisanafike pa penti. Kenaka agwiritse ntchito ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi otsukuluzira nsalu. Akatsuka mbali imodzi, atsukuluze kaye nsaluyo asanaiviike m'thovu. Ndowa ikakhala imodzi, mchenga wochokera m'munsi mwa zitseko umabwerera pa boneti. Pa chifukwa chomwechi matayala ndi malimu azikhala ndi nsalu yawoyawo. Nsalu yabwino ndi ya microfibre chifukwa imalowetsa timchenga mkati mwa ubweya wake, pamene malaya akale kapena siponji zimatikhulitsa pa penti. Sopo akhale wopangidwira galimoto. Sopo waufa wochapira zovala ndi wotsukira mbale amachotsa mafuta oteteza amene anapakidwa pa penti. Tsoka lake n'lakuti m'malo ambiri otsukirako galimoto m'mbali mwa msewu, ndowa imodzi ndi nsanza imodzi zimatsuka minibasi yamatope kenaka n'kutsuka galimoto yakuda. Mwini galimoto sangalakwitse kupita ndi nsalu zake.

Vuto lina ndi kutentha. Mtundu wakuda umamwa kuwala kwa dzuwa, moti masana a mu Okutobala boneti imatha kupyola madigiri 70. Madzi akagwera pamenepo amauma nthawi yomweyo n'kusiya timadontho toyera ta mchere umene unali m'madzimo, makamaka ngati ndi a pamjigo kapena pachitsime. N'chifukwa chake kutsuka kumafunika pamthunzi, m'mamawa kapena madzulo, ndipo galimoto ipukutidwe ndi nsalu yoyera madzi asanaume okha. Koma mthunzi wa mtengo nawo uli ndi zake. Zitosi za mbalame ndi utomoni zikagwera pa penti wotentha zimadya gawo lapamwamba lija n'kusiya chipsera. Zitosi zichotsedwe tsiku lomwelo. Osakwecha ayi, koma kuikapo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenaka n'kuzinyamula.

Tsopano tione za polishi ndi wakisi, zimene ambiri amazisokoneza. Mwina chisokonezochi chimachokera ku mawu enieniwo. M'chinenero chathu, polishi amene timamudziwa ndi wa nsapato kapena wa pansi m'nyumba, amene ntchito yake ndi kuwonjezera kanthu pamwamba. Pa galimoto, chimene chimagwira ntchito yotero ndi wakisi. Uyu ndi mtundu wa phula, ndipo wodziwika kwambiri ndi wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wa m'gulu la kanjedza wa ku Brazil. Wakisi amakuta penti, amatsetsereketsa madzi, ndipo amatha pakapita milungu kapena miyezi yochepa, choncho amafunika kupakanso. Masiku ano kulinso mankhwala a ceramic amene amakhala nthawi yaitali, ngakhale kuti nawonso saletsa mchenga kukala.

Polishi wa galimoto ndi wosiyana. Iye ali ndi tinthu tokhakhala timene timapala gawo lapamwamba lija mpaka lifanane ndi pansi pa timizere. Galimoto imanyezimiradi ngati yatsopano, koma gawolo lachepa ndipo silimeranso. Munthu wodziwa makina opolishira amachotsa pang'ono kwambiri. Wosadziwa amatha kuboola gawolo, makamaka m'makona mmene penti ndi wopyapyala. Kamzere kamene chikhadabo chikukodwamo ndi kakuya moti polishi sangakachotse bwinobwino. Mwini galimoto yakuda amene amapolisha mwezi ndi mwezi pofuna kuti iziwala amafika poti clear coat yayamba kuyera ndi kusendeka, kawirikawiri padenga ndi pa boneti. Zikatero palibenso mankhwala a m'botolo amene angathandize, ndipo mbali yonseyo imafunika kupita kwa amisiri kukapoperanso penti.