Musanagule nyumba ku Mulanje, funsani kumene madzi amadzera

Aphunzitsi ndi anamwino achinyamata amene timacheza nawo pa Chitakale akamafuna nyumba amafunsa za magetsi, mpopi ndi mtunda wokafika kuntchito. Mpake, koma ife timati ayambe afunsa kumene madzi amadzera mvula ikakula. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula nyumba zambiri m'tsinde mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo poti malo aakulu kuno ndi minda ya tiyi, puloti yotchipa kawirikawiri imapezeka m'zigwa zomwezo.

Kalata ya amfumu payokha siyokwanira. Malo kuno amatsata mbumba, choncho amalume ndi alongo a wogulitsayo avomereze pamaso pa mboni musanapereke ndalama, makamaka ngati mwasonkha malipiro a zaka zingapo pothawa ngongole ya riba.