Kuwedza Mlamba Usiku

Kodi munakhalapo tsiku lonse pa dziwe la mtsinje wa Namitete kapena Nambuma, mbedza ili m'madzi, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja? Musaimbe mlandu mbedza. Mwina chalakwika ndi nthawi imene mumapita.

Mlamba umakonda kudya usiku. Masana umabisala pansi, m'matope ndi m'mizu ya bango. Dzuwa likalowa umabwera m'mphepete, pa madzi ofika m'mawondo, kudzafuna achule, ziwala ndi tinsomba. Maso ake ndi aang'ono, koma uli ndi ndevu 8 zimene umapezera chakudya mumdima. Umabweranso pamwamba pa madzi kudzameza mpweya. Mukakhala chete mudzaumva ukuti "phwa!" Pamenepo ndiye poponya mbedza.

Tsono chitani chonchi. Pitani kukadali kowala, mukaone pamene mukhale. Tengani nsungwi yaitali ndi chingwe cha mamita awiri. Musamangirire mwala kapena mtovu ku chingwecho, chifukwa tikufuna nyambo iyandame. Nyambo yabwino ndi chiwala chamoyo kapena kachule. Kolani mbedza kumsana kuti nyamboyo izipalasabe. Ikatopa, gwedezani nsungwi pang'ono, kenaka muleke. Timafunde timeneti ndi timene timaitana mlamba. Ku America ndi ku Canada asodzi a nsomba yotchedwa walleye amachitanso zotere usiku, koma iwo amagula nyambo zapulasitiki. Ife ziwala tili nazo m'dambo, zaulere.

Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Madzi akangoti phwa, timakoka msangamsanga, nsomba isanameze. Dikirani. Werengani chamumtima: chimodzi, ziwiri, zitatu. Chingwe chikalemera, ndiye kokani. Ine ndinataya milamba yambiri ndisanaphunzire zimenezi.

Musaunike tochi pa madzi, ndipo musayendeyende. Macheza a fodya ndi a mtengo wa feteleza mukachezere kumudzi.

Mukaugwira mlamba, samalani minga iwiri ya m'mbali mwa mutu. Imabaya kwambiri ndipo bala lake limatupa. Musalowe m'madzi ngati palibe chifukwa: m'madzi oima muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mumtsinje wa Bua muli ng'ona. Valani malaya a mikono yaitali kaamba ka udzudzu. Musapite nokha, ndipo a kunyumba adziwe dziwe limene mwapita.

Mvula yamphamvu ikayamba, cha mu Disembala ndi Januwale, milamba imalowa m'maudzu osefukira kukaikira mazira. Nthawi imeneyo ndi yosavuta kugwira, ngakhale ndi manja. Koma mukapha mlamba wa mazira, chaka chamawa dziwe lidzakhala lopanda ndiwo. Ilekeni iswe kaye.

Za katupe ndi mankhwala a m'munda ndiye ayi. Zimapha ndi tiana tomwe, ndipo ng'ombe zanu zimamwa madzi omwewo. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa zimenezi, ndipo wopezeka akuchita amaimbidwa mlandu.