Kilwa: Mzinda Umene Amati Udagulidwa ndi Nsalu

Mzinda uliwonse wakale uli ndi mbiri ziwiri. Ina ndi ija imene eni ake amasimbira ana ndi alendo, yokometsedwa bwino kuti mtundu wawo ulemekezeke. Ina ndi imene idakwiririka m'nthaka, m'mapale ndi m'maziko a nyumba zakugwa, ndipo siimveka kufikira munthu atadza ndi khasu. M'gawo lino la nkhani zathu za mizinda ya m'malire tiona mzinda wa Kilwa, umene mbiri zake ziwirizi zakhala zikukangana kwa zaka mazana asanu. Ophunzira ambiri amalidziwa dzinali chifukwa cha mayeso okha, koma amene angawerenge mpaka kumapeto adzaona kuti njira ya ku Kilwa idadzera pakhomo pathu penipeni.

Kilwa Kisiwani ndi kachilumba kakang'ono m'mbali mwa nyanja yamchere ya India, m'chigawo cha Lindi ku Tanzania, pafupifupi makilomita 300 kumwera kwa Dar es Salaam. Lero pali mudzi wa asodzi ndi mabwinja. Koma m'zaka za m'ma 1300 kachilumbaka kadali dziko lodziimira palokha, lokhala ndi mfumu yake, ndalama zake ndiponso malamulo ake, ndipo madoko akutali monga Sofala ankaweramira mfumu ya pamenepo.

Tiyambe ndi mbiri yosimbidwa. Buku la mbiri ya mafumu a Kilwa lidalembedwa m'Chiluya m'zaka za m'ma 1500, ndipo Mpwitikizi wina, João de Barros, adalemba mtundu wina wa nkhani yomweyo m'buku lake la mu 1552. Nkhaniyo imati mfumu ina ya ku Shiraz, m'dziko la Persia, idalota khoswe wa mphuno yachitsulo akuboola malinga a mzinda wake. Poona kuti malotowo adali malodza, mfumuyo idanyamuka pamodzi ndi ana ake aamuna asanu ndi mmodzi m'zombo zisanu ndi ziwiri, ndipo chombo chilichonse chidakakocheza pa doko lakelake. Ali bin al-Hasan ndiye adafika pa Kilwa. Mwini dziko adavomera kugulitsa chilumbacho, koma adati mtengo wake ukhale nsalu zokwanira kuzinga chilumba chonse. Nsaluzo zidaperekedwa. Tsono mlendoyo atamva kuti mwini dziko akuganiza zobwerera ndi nkhondo, adakumbitsa khwawa limene lidali pakati pa chilumba ndi mtunda kuti madzi akuye, munthu asathenso kuwoloka ndi miyendo.

Nkhani yokoma chotere siyenera kumezedwa yonse, komanso siyenera kutayidwa yonse. Pakati pa 1958 ndi 1965 katswiri wofukula zakale, Neville Chittick, adakumba pa Kilwa ndipo nthaka idaonetsa kuti anthu adali atakhalapo kale kuyambira cha m'ma 800. Anthuwo ankamanga nyumba za mitengo ndi dothi, ankasodza, ankasula zitsulo ndi kuumba mbiya zofanana ndi za anansi awo akumtunda. Choncho mzindawo sudatsike m'chombo. Udamera pamene padali mudzi wa Aafirika. Komabe Ali bin al-Hasan adalikodi, pakuti makobili olembedwa dzina lake apezeka. Ndiponso kafukufuku wofalitsidwa mu 2023 m'magazini ya Nature, amene adapima mafupa a anthu 80, ambiri a iwo oikidwa m'manda akale a m'mbali mwa nyanjayi, kuphatikizapo a ku Kilwa, adapeza kuti cha m'ma 1000 amuna ochokera ku Persia adayamba kubereka ana ndi akazi a ku Africa. Anawo adakula akuyankhula chiyankhulo cha amayi awo, Chiswahili, chimene ndi chibale cha Chichewa chathu. Nthanoyo idasunga dzina la atate, koma idaiwala amayi, ngakhale amayiwo ndiwo adali eni nthaka ndi eni chiyankhulo.

Nanga chidalemeretsa kachilumba kopanda mgodi ndi chiyani? Yankho lake ndi mphepo. Monga asodzi a pa nyanja yathu amadziwa nyengo ya mpoto ndi ya mwera, amalinyero a pa nyanja ya India nawo adali ndi mphepo ziwiri. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi mphepo imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo imakankha zombo za matanga kuchokera ku Arabia ndi ku India kudza nazo ku Africa. Kuyambira cha mu Epulo imatembenuka ndi kuzibweza kwawo. Kilwa adali pamathero a ulendo umene chombo chikadatha kuyenda ndi kubwerera m'chaka chimodzi. Wopitirira pamenepo adayenera kulimbana ndi mafunde oopsa a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ndi kudikira chaka china asanaone kwawo. Koma golide adali kumwera. Ankakumbidwa kumapiri a dziko limene lero ndi Zimbabwe, ndipo ankatsikira ku doko la Sofala. Chotero wofuna golide adayenera kuima pa Kilwa, ndipo zombo za eni Kilwa ndizo zinkapitiriza ulendo wa ku Sofala.

Apa ndipo padagona chuma chonse cha mzindawo: umkhalapakati. Kuchokera kutsidya kwa nyanja kunkabwera nsalu za ku India, mikanda yagalasi, ndi mbale zosalala za ku China ndi ku Persia. Kuchokera kumtunda kunkabwera golide, minyanga ya njovu ndi akapolo. Mfumu inkadula msonkho pa katundu wolowa ndi wotuluka yemwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 banja la Mahdali lidatenga ufumu, ndipo m'nthawi yawo Kilwa adafika pachimake. Umboni wa kutalika kwa dzanja lake ndi khobili lamkuwa la mfumu al-Hasan bin Sulaiman limene lidapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe, kutali kwambiri ndi nyanja.

Mfumu imeneyi ndiyo idalandira mlendo wotchuka Ibn Battuta wa ku Morocco m'chaka cha 1331. Iye adauyamikira mzindawo kuti udali umodzi mwa mizinda yokongola imene adaonapo, ndipo adalemba kuti anthu ake ambiri adali akuda bii, otema mphini kumaso. Adasimbanso za kuolowa manja kwa mfumuyo, imene anthu adaipatsa dzina lotanthauza atate wa mphatso, ndi kuti tsiku lina idavula zovala zake kupatsa wopemphetsa pakhomo pa mzikiti. Koma mlendo yemweyo adanenanso kuti mfumuyo inkathira nkhondo kawirikawiri anthu akumtunda amene sadali Asilamu ndi kufunkha zawo. Mphatso zimene zinkagawidwa pa chilumba zidali misozi ya midzi ya tsidya lina la khwawa lija.

Mabwinja akusonyeza mmene olemera ankakhalira. Ankadula miyala yomera pansi pa nyanja, ina ankaiotcha kuti ikhale njereza yomangira. Mzikiti Waukulu, umene mbali yake yakale idamangidwa cha m'ma 1000 kapena 1100, udakuzidwa m'zaka za m'ma 1300 ndi kufoleredwa ndi madenga obulungira amiyala. Kunja kwa mzinda, pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, al-Hasan bin Sulaiman adamanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa, ya zipinda zoposa 100, yokhala ndi dziwe losambiramo la ngodya zisanu ndi zitatu ndiponso bwalo lalikulu losungiramo katundu wamalonda. Komabe anthu wamba adapitiriza kukhala m'nyumba za dothi, kulima mapira, kusodza ndi kupota thonje. Mzindawo udali Wachisilamu pa chipembedzo ndi pa malembo, koma Wachiafirika pa chiyankhulo, pa chakudya ndi pa ukwati.

Akuluakulu adati khasu lobwereka silikhala kuguluka. Kilwa sadali mwini golide, sadali mwini nsalu, ndipo sadali mwini mphepo. Adali mwini khomo lokha. Chapakati pa zaka za m'ma 1300 malonda adazilala, pa nthawi imene mliri waukulu udapululutsa anthu ku Ulaya ndi ku maiko a Aluya, ndipo Husuni Kubwa idasiyidwa itangokhalidwa kanthawi kochepa. Mzindawo udadzukanso m'zaka za m'ma 1400, koma pamenepo Great Zimbabwe adali kufooka, malonda a golide adayamba kutsata mtsinje wa Zambezi, ndipo doko la Angoche lidayamba kulanda amalonda. M'nyumba yachifumu namo mudali mikangano ya ufumu yosatha.

Apwitikizi adapeza mtengo utafumbwa kale. Mu 1502 Vasco da Gama adaopseza wolamulira wa Kilwa ndi mizinga namukhometsa msonkho wa golide. Golide ameneyo adasulidwa mu 1506 kukhala chiwiya chopatulika cha m'tchalitchi, chimene chikusungidwa ku Lisbon. Mu 1505 Francisco de Almeida adalanda mzindawo, naufunkha, namangapo linga. Chaka chomwecho Apwitikizi adamanganso linga pa Sofala. Koma pofuna kugwira malonda onse m'dzanja limodzi adawathawitsa, ndipo mu 1512 adachoka pa Kilwa poona kuti lingalo silinkawapindulira.

Kuyambira pano mbiri ya Kilwa ikukhudza dziko lathu. Wansembe João dos Santos, m'buku lake la mu 1609, adasimba kuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1580 ankhondo otchedwa Azimba adaononga Kilwa. Akatswiri ena amati Azimbawo adali ankhondo a Lundu a kuchigwa cha Shire, pamene ena amakana, ndipo ambiri amakayika nkhani yake yakuti ankadya anthu, pakuti iye adangoimva kwa ena. Mu 1616 Gaspar Bocarro adayenda pansi kuchokera ku Tete, nachezera mfumu Muzura ya Amaravi, nawoloka Shire, nakafika ku Kilwa. Ulendo wakewo ukusonyeza kuti njira yochokera kwathu kuno kunka ku Kilwa inkadziwika kale kwa eni dziko amene adamulondolera.

Njira imeneyo idasanduka njira ya maliro. Mu 1776 Mfalansa wina, Jean-Vincent Morice, adapangana ndi mfumu ya Kilwa kuti izimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, okagwira ntchito m'minda ya pa zilumba za Afalansa monga Mauritius. Posakhalitsa Aluya a ku Oman adalanda chilumbacho, ndipo m'zaka za m'ma 1800 malonda adasamukira ku doko latsopano la kumtunda, Kilwa Kivinje. Kumeneko ndiko kunkathera maulendo a amalonda Achiyao ndi a Jumbe wa ku Nkhotakota, atasenzetsa minyanga anthu ogwidwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Zikwi zambiri za makolo athu zidaona nyanja yamchere koyamba pa doko limenelo, magoli ali m'khosi. Mtengo wawo kawirikawiri udali nsalu, monga udaliri mtengo wa chilumba m'nthano ija.

Mu 1981 bungwe la UNESCO lidaika mabwinja a Kilwa Kisiwani ndi a Songo Mnara pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Kuyambira 2004 mpaka 2014 adali pa mndandanda wa malo amene ali pangozi, chifukwa nyanja ndi mizu ya mitengo zinkagumula makoma.

Mphunzitsi amene akuphunzitsa mutu umenewu asalekere pa kuloweza zaka. Afunse ophunzira ake mafunso awiri. Loyamba: pamene tikuwerenga mbiri ya mzinda, adailemba ndani, ndipo adasiya yani? Lachiwiri: dziko limene chuma chake chagona pa katundu wa eni, wongodutsa pakhomo, lidzadya chiyani tsiku limene njira idzakhotere kwina? M'gawo lotsatira tidzatsika ndi zombo kunka ku Sofala, kuti tione mbali ya anthu amene ankakumba golideyo.