Mapale a M'munda Ali ndi Mbiri

Pa cisumbu ca Crete, m'nyanja ya Mediterranean, alendo amakhamukira ku nyumba yosungiramo zamakedzana mumzinda wa Heraklion kukaona mitsuko ndi mbiya zimene zinafukulidwa ku Knossos kuyambira mu 1900.

Nafenso kuno kum'mawa tili naco cuma cotere. Mu 1971 David Phillipson anakumba m'phanga la Kalemba, m'boma la Chadiza, napeza zipangizo zamiyala zimene anthu anasema zaka zoposa 30,000 zapitazo. Akatswiri amanenanso kuti kaumbidwe ka mbiya ka amai a Cinsenga ndi Cicewa, kamene anakacha dzina la mtsinje wa Luangwa, kanayamba zaka pafupifupi 1,000 zapitazo.

Motero inu alimi a ku Petauke ndi Nyimba, khasu likafukula mapale ozokotedwa, mikanda kapena zotsala za ng'anjo, musazimwaze. Zisiyeni pomwepo, pakuti dothi limene zagonamo ndilo limauza akatswiri zaka zake. Dziwitsani a mfumu; dziwitsaninso a National Heritage Conservation Commission monga lamulo la mu 1989 linenera.

Cathu cikacoka, kucibweza n'kovuta. Cibade ca munthu wakale cimene cinapezeka ku Kabwe mu 1921 cikali ku London mpaka lero.