Mmisiri Saphunzira pa Nyumba Imodzi

Makolo ambiri m'Zambia amapereka mwana kwa mmisiri womanga nyumba kuti akaphunzire nchito. Koma nchito ya kontrakita wamng'ono imatha m'miyezi yowerengeka cabe. Nyumba ikatha, mnyamata amabwerera kwao atadziwa kusakaniza simenti ndi kunyamula njerwa, koma osadziwa kuyala maziko, kupaka pulasitala kapena kukhoma denga. Zaka zimapita, iye akali wothandizira wa malipiro ocepa.

Ku Australia ndi ku Britain anapeza njira yocepetsera vutoli. Bungwe limodzi limalemba wophunzira nchito, limamlipira, ndipo limamtumiza kwa makontrakita osiyanasiyana motsatizana. Nchito ikatha kwa uyu, amapita kwa uyo, kufikira ataphunzira mbali zonse za umisiriwo ndi kulandira setifiketi.

Kwathu kuno poyambira palipo kale. TEVETA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, imayang'anira maphunziro a umisiri ndi mayeso ake. National Council for Construction, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, imalembetsa makontrakita. Kuyambira 2017 olemba nchito amapereka msonkho wa 0.5 peresenti ya malipiro a anchito ao kuti uthandize maphunzirowa. Masukulu monga Chipata Trades ndi Chikowa ya a Comboni ku Mambwe amaphunzitsa zomangamanga.

Comwe cikusowa ndi kugwirizana. Inu makolo, musanapereke mwana, funsani kuti nchito imene ilipoyo ikatha adzapita kwa yani, ndipo mayeso adzalemba liti. Inu amisiri a m'parishi imodzi, gwirizanani atatu kapena anayi, muzilandirana ophunzira kufikira atakhwima. Pajatu mutu umodzi susenza denga.